MLENDO WOLEMALA PAKHOMO PA HOTELA KU LIVINGSTONE

Mzinda wa Livingstone, umene uli ku Cigawo ca Kum'mwera pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, ndiwo likulu la alendo m'dziko lino la Zambia. Caka ndi caka anthu a ku maiko akutali pamodzi ndi eni dziko amakhamukira kumeneko kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo kaamba ka ici mahotela ndi nyumba zogona alendo zaculuka kwambiri, kuyambira m'mphepete mwa mtsinje kufikira m'kati mwa makomboni. Koma pakati pa alendowa pali ena amene ulendo umenewu umawalemera koposa anzao. Amenewa ndiwo anthu oyenda pa njinga za olemala kapena ndi ndodo, anthu osaona ndiponso anthu osamva. Ndalama ya cipinda amalipira yofanana ndi ya wina aliyense, koma kawiri-kawiri cimene amalandira ndi theka cabe la cimene alipirira.

Nkhani imeneyi ikhudza mabanja ambiri. Kafukufuku amene Boma linacita mu 2015 anapeza kuti pa anthu akulu 100 alionse mu Zambia, pafupi-fupi 11 ndi olemala mwa njira ina, ndipo pa ana 100 alionse a zaka 2 kufikira 17, oposa 4 ali cimodzi-modzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi pa anthu 6 alionse pa dziko la pansi ndi wolemala. Cotero palibe mudzi umene ungati nkhaniyi ndi ya eni ake.

ULENDO WA MASIKU AWIRI

Munthu wocokera ku Chipata amene afuna kukaona mathithi ayenera kuyenda makilomita pafupi-fupi 570 pa mseu wa Great East kufika ku Lusaka, ndi kuonjezapo ena pafupi-fupi 480 kucoka ku Lusaka kufika ku Livingstone. Ambiri amaugawa pawiri ulendowu, nagona m'njira.

Bvuto loyamba la mlendo wolemala limayambira pa khomo la basi. Mabasi a maulendo atali ndi okwera ngati nkhokwe, makomo ake ndi opapatiza, ndipo masitepe ake ndi oimirira. Munthu wa pa njinga sangathe kulowa yekha. Amacita kunyamulidwa m'manja ndi acibale kapena kondakitala, anthu onse ali kupenya, pamene njinga yake iponyedwa kunsi pamodzi ndi matumba a nshawa ndi mpunga. Nthawi zina kondakitala amafuna kuilipiritsa monga katundu, kuiwala kuti njingayo ndiyo miyendo ya mwini wake.

Basi imadutsa Katete, Sinda ndi Petauke, niima pa Nyimba pamene amai amathamanga ndi nthoci, ndiponso pa ulalo wa Luangwa pamene pamveka pfungo la nsomba zouma. Anthu onse amatsika kukaongola miyendo ndi kukadzithandiza. Wolemala amatsala pa mpando wake, pakuti kutsika ndi kukweranso kufuna anthu awiri omnyamula, ndiponso zimbudzi za m'njira ziri ndi makomo amene njinga singapitemo. Pa cifukwa ici ambiri amadzimana madzi ndi cakudya tsiku lonse, cinthu cimene ciri coopsa ku thupi, maka-maka m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Tsiku laciwiri ulendo umapitirira kuoloka mtsinje wa Kafue, kukwera mapiri a Munali, kudutsa minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, ndi kupyola Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba. Basi isanalowe mu Livingstone, m'miyezi ya madzi ambiri, munthu angathe kuona patali utsi woyera uli kukwera kumwamba ngati thengo lapsa. Amenewo ndiwo mathithi.

MZINDA WOMANGIDWA PA MCENGA

Azungu oyamba kukhala m'dera limeneli anamanga pa doko lochedwa Old Drift, m'mbali mweni-mweni mwa Zambezi, kumtunda kwa mathithi. Malungo anawapha ambiri, ndipo mu 1905, caka cimene ulalo wa sitima pa Zambezi unatha kumangidwa, anasamukira pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero lino. Kucokera mu 1911 Livingstone unali likulu la Northern Rhodesia, kufikira mu 1935 pamene likulu linasamutsidwira ku Lusaka.

Mbiri imeneyi ikali kuoneka m'mamangidwe a mzindawu. Nyumba zakale za m'mbali mwa mseu waukulu wa Mosi-oa-Tunya ziri ndi makhonde otakata ndi maziko okwera, monga momwe amisiri a masiku aja anali kumangira pothawa cinyezi ndi ciswe. Ndi nyumba zokongola ndithu, ndipo alendo amakonda kuzijambula. Koma khonde lokwera lifuna masitepe, ndipo sitepe imodzi yokha ikwanira kutsekereza munthu wa pa njinga. Nyumba zambiri zogona alendo zinali nyumba za mabanja poyamba, ndipo eni ake anangozipaka utoto ndi kukhoma cikwangwani, osasintha khomo ngakhale limodzi.

Mcenga nawonso uli ndi mlandu wake. Kungopatuka pa mseu wa tala kulowa m'timiseu ta m'makomboni, kumene kuli nyumba za alendo za mtengo wotsika, mawilo a njinga amatitimira, ndipo wokankha amatuluka thukuta asanayende mtunda uliwonse. Eni maloji ena amathira miyala yoswa-swa pabwalo kuti paoneke bwino, osadziwa kuti miyala yotero imagwira mawilo ndi kupulumutsa ndodo.

Kufupi ndi mtsinje kuli mahotela akulu-akulu, ena a iwo ali m'kati mwa nkhalango yosungidwa ya Mosi-oa-Tunya, kumene mbidzi zimadya msipu pabwalo alendo ali kumwa tiyi. Mahotela otere amakhala ndi njira zosalala ndi zipinda zowerengeka zokonzedwera olemala. Koma mtengo wa usiku umodzi kumeneko ungapose zimene mlimi wamng'ono amapeza atagulitsa matumba ambiri a cimanga. Motero wolemala wolemera ali ndi pogona, pamene mphunzitsi wopuma nchito kapena mlimi wa ku Chadiza amene wabwera ndi mwana wake wolemala ayenera kufuna-funa pakati pa nyumba zimene sizinamganizire.

KUCOKA PAKHOMO KUFIKA KU BAFA

Mabvuto a mlendo wa pa njinga m'hotela amabwera motsatana, monga mfundo za pa nzimbe. Loyamba ndi masitepe a pakhomo. Mankhwala ake ndi kanjira kotsetsereka ka simenti kamene amisiri amakacha rampu. Koma rampu iri ndi muyeso wake: pa sentimita imodzi iriyonse ya kukwera pafunika masentimita 12 a kutalika. Sitepe imodzi ya masentimita 15 ifuna rampu ya masentimita 180, ndipo masitepe atatu otere afuna rampu yoposa mamita 5. Eni nyumba ambiri amangothira simenti pamwamba pa masitepe, napanga cinthu coimirira ngati culu, cimene munthu sangakwere yekha ndipo potsika angagwe naco cafufumimba.

Laciwiri ndi tebulo lolandirira alendo, limene limamangidwa lofika pa cifuwa ca munthu woimirira. Wokhala pa njinga saoneka kumbuyo kwake, ndipo buku losainamo amacita kumtsitsira pa maondo. Pamenepo ndi pomwe pamaonekanso khalidwe lina lopweteka mtima. Wanchito amalankhula ndi woperekeza, namfunsa dzina la mlendo, masiku amene adzakhala ndi cakudya cimene amadya, monga ngati mwini wake alibe pakamwa, cikhalireco ndalama iri kutuluka m'thumba la wolemalayo.

Lacitatu ndi cipinda. Njinga zambiri za akulu ziri ndi masentimita 60 kufikira 70 m'mimba mwake, ndipo pamafunikanso malo a manja opalasa. Ndico cifukwa cake khomo liyenera kukhala la masentimita osacepera 80 citseko citatsegulidwa. M'kati mufunika malo opanda kanthu a mita imodzi ndi theka mbali zonse kuti njinga itembenuke. Bedi likakhala lalitali kwambiri kapena lalifupi kwambiri kupambana mpando wa njinga, munthu sangathe kudzisuntha yekha. Ndipo popeza Livingstone ndi dera la udzudzu, neti ndi yofunika usiku uliwonse, koma kawiri-kawiri imamangidwa mfundo pafupi ndi denga, kumene dzanja la munthu wokhala pansi silifika. Cimodzi-modzinso poyatsira magetsi, loko wa pa zenera ndi pokoleka zobvala.

Koma pamene pagona bvuto lalikulu koposa ndi ku bafa ndi cimbudzi. Amisiri ali ndi cizolowezi coika citseko cacing'ono pamenepo, ndi kumanga kamzere ka njerwa pansi kuti madzi asatulukire m'cipinda. Zinthu ziwiri zimenezi zimacititsa kuti munthu wamkulu, mwina tate wa ana kapena mai wolemekezeka mu mpingo, atsike pa njinga ndi kukwawa pa simenti yonyowa ya cimbudzi cimene alendo ambiri apitamo. Ena amasankha kusamba m'beseni pambali pa bedi. Bafa loyenera liri ndi khomo lalikulu lotsegukira kunja, pansi posalala popanda cochinga, mpando wokhalapo posamba, ndi zitsulo zolimba zogwirira zokhomedwa ku khoma pafupi ndi cimbudzi. Citseko citsegukire kunja cifukwa munthu akagwa m'kati, thupi lake limachinga citseko cotsegukira m'kati, ndipo omthandiza amalephera kulowa.

Woyenda ndi ndodo za m'khwapa naye ali ndi mdani wake, ndiye pansi poterera. Matailosi onyezimira ndi simenti yopakidwa polishi wofiira zimakondweretsa maso, koma zikangonyowa pang'ono ndodo imathawa.

Nyumba zosanja ziri ndi nkhani yake. Lifiti imathandiza magetsi akalipo. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Pa nthawi yotero, kapena moto ukabuka, mlendo wa pa njinga amene apatsidwa cipinda ca pamwamba amakhala ngati wandende. Cipinda ca olemala ciyenera kukhala pansi, pafupi ndi khomo lotulukira.

OSAONA NDI OSAMVA

Anthu ambiri akamva za olemala amaganiza za njinga yokha. Koma mlendo wosaona angathe kukwera masitepe bwino-bwino, nasowa cipinda cake cifukwa nambala inangolembedwa ndi utoto pa citseko. Nambala yotukuka imene cala cingaikhudze, kapena yolembedwa m'zilembo za timadontho za Braille, ingathetse bvutoli. Anthu a Kum'mawa sali alendo ku zilembo zimenezi, pakuti sukulu loyamba la ana osaona m'dziko lino linayambidwa ndi amishoni a Dutch Reformed pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905. Papita zaka zoposa 100 anthu osaona ali kuwerenga, koma mndandanda wa zakudya wolembedwa mu Braille ukali cinthu cosowa m'mahotela.

Cimene wosaona afuna koposa siciononga ndalama. Wanchito amlonjere mwa kuchula dzina lake, ampatse cigongono kuti agwire m'malo momkoka dzanja, ndipo polowa m'cipinda amuuze kumene kuli bedi, zenera, bafa ndi mpope wa madzi otentha. Wosesa m'mawa asasunthe katundu wa mlendo, pakuti wosaona amasunga cipinda conse m'mutu mwake, ndipo mpando umene wasunthidwa umasanduka msampha. Pabwalo, ngalande zosabvundikira, nthambi zolendewera ndi dziwe losambiramo lopanda mpanda ndizo zoopsa zazikulu. Ndodo yoyera imapeza za pansi, koma siicenjeza za nthambi imene iri pa msinkhu wa nkhope.

Mlendo wosamva amaoneka ngati alibe bvuto liri lonse kufikira atatseka citseko. Wogogoda samumva, lamya ya m'cipinda iribe nchito kwa iye, ndipo belu locenjeza za moto lingalire usiku wonse iye ali m'tulo. Mahotela osamala amaika nyali yothwanima imene imayaka belu likalira, ndiponso amalemba pa buku la alonda cipinda cimene muli mlendo wosamva, kuti pa ngozi wina athamangireko. Masiku ano foni ya m'manja yapeputsa zinthu, cifukwa mlendo angathe kulemberana mauthenga ndi a pa tebulo lolandirira alendo. Anthu a mu Zambia azolowera kuona womasulira cinenero ca manja pa nkhani za pa wailesi ya kanema ya ZNBC, ndipo sicingakhale cinthu cacilendo hotela itaphunzitsa wanchito mmodzi kapena awiri malonje ndi mau ofunika a cinenero cimeneci.

Palinso abale acialubino, amene dzuwa la m'cigwa ca Zambezi limaocha khungu lao ndi kuwathobwa m'maso. Iwo afuna mthunzi pa malo odikirira ndi odyera, ndi zolembedwa za zilembo zazikulu.

PA MATHITHI PENI-PENI

Kucoka pakati pa mzinda kufika ku mathithi pali makilomita pafupi-fupi 10. Pamenepo Zambezi yense, wotambalala mamita 1,708, amagwera m'phompho limene pena likuya mamita 108. Atonga amachula malowa kuti Shungu Namutitima, ndipo dzina la Mosi-oa-Tunya, lotanthauza utsi umene ugunda, linacokera kwa Amakololo, amene anaperekeza David Livingstone pa bwato kukaona mathithiwa mu Novembala 1855. Anthu a Mfumu Mukuni anali kukhala kumeneko kale-kale iye asanafike. Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse la pansi. Ku mbali ya Zambia amasamalidwa ndi National Heritage Conservation Commission, ndipo eni dziko amalipira ndalama yocepa polowa kusiyana ndi alendo akunja.

Ena amafunsa cimene munthu wosaona angakatenge ku mathithi. Dzina leni-lenilo liyankha, pakuti theka lake linena za mkokomo. M'miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi, madzi atadzaza, kugunda kwake kumamveka patali, nthaka imanjenjemera, ndipo mvula yocokera pansi imanyowetsa munthu mpaka ku zobvala za m'kati. Wosamva naye amaona uta wa Leza utapindika m'phompho, ndipo mwezi ukakhala wathunthu utawo umaoneka ngakhale usiku. Palibe amene amabwerako cimanja-manja.

Njira za kumeneko ndi zosiyana-siyana. Pafupi ndi cipata pali tinjira toyalidwa miyala topita pa malo oyamba oonerapo, ndi kanjira kena kotsata gombe kumtunda kwa mathithi, kumene munthu amaona madzi ali kuthamangira ku phompho. M'malo amenewa wa pa njinga angathe kufikako pokhala ndi womkankha wamphamvu. Koma njira yopita ku kaulalo ka Knife Edge iri ndi masitepe, ndipo m'nyengo ya madzi ambiri imaterera ndi ndere. Njira yotsikira ku Boiling Pot, pansi pa phompho, ndi yoimirira kotero kuti ngakhale anyamata amphamvu amapuma kangapo pokwera.

Palibe munthu wanzeru amene angapemphe kuti phompho lisalazidwe. Cimene alendo olemala amafuna pa malo otere pali ponse ndi kuuzidwa zoona asanalipire: njira iti ipitika, iti siipitika, ndipo cimbudzi cimene angalowemo ciri kuti. Mipando yopumirapo m'njira ndi zitsulo zogwirira zimathandiza iwo pamodzi ndi nkhalamba ndi amai apakati.

CIMENE MAIKO ANAPANGANA MU 2013

Mzinda wa Livingstone uli ndi cifukwa capadera cotsogolera pa nkhani imeneyi. Mu Ogasiti 2013, m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Zambia ndi Zimbabwe analandira pamodzi msonkhano waukulu wa nambala 20 wa bungwe la United Nations loona za maulendo a alendo, limene pa nthawiyo linali kuchedwa UNWTO ndipo kucokera mu 2024 lichedwa UN Tourism. Nthumwi za maiko ambiri zinagona m'mahotela a ku Livingstone ndi a tauni ya Victoria Falls kutsidya kwa ulalo.

Pa msonkhano umenewo ndi pamene maiko anabvomereza malangizo akuti maulendo ndi malo a alendo akhale ofikirika kwa anthu onse. Malangizowo anena za poimika galimoto, makomo, zikwangwani, malifiti ndi zimbudzi. Anena kuti nyumba yogona alendo ikhale ndi zipinda zokwanira zimene wa pa njinga angagwiritse nchito popanda womthandiza, kuti pakhale njira yocenjezera osamva pa ngozi, ndi kuti anchito aphunzitsidwe kulandira alendo olemala. Anenanso kuti wolemala asalipiritsidwe ndalama yoonjezera kaamba ka zinthu zimenezi. Mau amenewa anamveka m'maiko onse kucokera m'mphepete mwa Zambezi, ndipo kungakhale kocititsa manyazi ngati mudzi umene unaphika nsimayo ndiwo ugona ndi njala.

LAMULO LIRIPO

Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Persons with Disabilities Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1996. Lamuloli liletsa kusankha munthu kaamba ka kulemala kwake, liletsa kumuitana ndi maina onyoza, ndipo lifuna kuti malo otsegukira anthu onse akhale otheka kufikamo olemala. Lipatsanso bungwe la Boma la Zambia Agency for Persons with Disabilities, kapena kuti ZAPD, mphamvu yoyendera nyumba zotero ndi kulamula eni ake kuti akonze pamene pali polakwika.

Makhoti nawonso analankhulapo kale. Mu 2011 bungwe la ZAFOD, limene liimira magulu a anthu olemala, linatengera Electoral Commission of Zambia ku Khoti Lalikulu cifukwa ca malo oponyera voti amene olemala sanali kutha kulowamo, ndipo khoti linagamula kuti kumeneko kunali kuwasankha. Mlanduwo unali wa masankho, koma phunziro lake lifika pa khomo liri lonse limene anthu onse aitanidwa kulowapo.

Nyumba zogona alendo zimalandira cilolezo kucokera ku Zambia Tourism Agency, pansi pa lamulo la Tourism and Hospitality Act la mu 2015, ndipo mapulani a nyumba amabvomerezedwa ndi makhonsolo. Pamenepo ndipo pali mpata. Wanchito wa khonsolo amene ayang'ana pulani angathe kuona ndi diso limodzi ngati khomo la bafa liri locepa, njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi.

Eni nyumba ambiri amaopa mtengo. Koma lipoti limene WHO ndi World Bank anatulutsa mu 2011 linaonetsa kuti kuganizira olemala pomanga nyumba yatsopano kumaonjeza pafupi-fupi kwaca imodzi yokha pa K100 iriyonse. Cimene cimadya ndalama ndi kugumula khoma limene lamangidwa kale. Ndiponso mlendo wolemala kawiri-kawiri sayenda yekha. Amabwera ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, kapena gulu lonse la msonkhano, ndipo iye akabwerera pakhomo onsewo amabwerera naye pamodzi ndi ndalama zao.

UTHENGA KWA A KUM'MAWA

Banja limene lifuna kupita ndi mbale wao wolemala ku Livingstone, kapena kwina kuli konse kumene akagona m'nyumba ya alendo, licite bwino kutumiza lamya ulendo usanayambe. Funso lakuti kodi malo anu ndi abwino kwa olemala silithandiza, pakuti aliyense wofuna ndalama amayankha kuti inde. Mafunso othandiza ndi awa: pakhomo pali masitepe angati, khomo la bafa liri ndi masentimita angati, cipinda ciri pansi kapena pamwamba, ndipo m'bafa muli cogwirira kapena ai. Kuyesa njinga ndi cingwe kunyumba, ndi kupempha zithunzi za cipinda pa WhatsApp, kungapulumutse banja ku usiku wa misozi. Amene akanizidwa malo kaamba ka kulemala ali ndi ufulu wokadandaula ku ZAPD kapena ku ofesi ya Social Welfare pa boma.

Zimene zioneka ku Livingstone zipezekanso kwao kwa owerenga. Ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi Mfuwe anthu ali kumanga maloji ndi ndalama za penshoni, za soya ndi za fodya. Nyumba zimenezi zimadzaza mu Febuluwale pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndi mu Ogasiti pa Kulamba ku Mkaika. Mumagonanso anthu odzaona odwala ku cipatala, obwera ku maliro, ku milandu ndi ku misonkhano ya mipingo, ndipo pakati pao pali agogo a ndodo, anthu amene anadwala poliyo ali ana, amene anadulidwa mwendo kaamba ka matenda a shuga, ndi amene anapulumuka pa ngozi za pa mseu.

Akulu akale anati lunga-lunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Mwini loji amene lero alumpha masitepe awiri-awiri sadziwa mmene adzalowera m'nyumba yake yomwe zaka 20 zikubwerazi. Cotero iye amene maziko ake akali pansi auze mmisiri kuti cipinda cimodzi ca pafupi ndi khomo cikhale ndi makomo a masentimita 90, bafa lake likhale losalala pansi, ndipo pakhomo pakhale rampu yoyesedwa ndi tepi. Ndipo iye amene anamanga kale ayambe ndi zimene zifuna matumba ocepa a simenti, zitsulo ziwiri zogwirira, ndi kuphunzitsa anchito ake kuti mlendo akafika, alonjere mwini wakeyo.